Khoswe Tamuimba, Nanga Mphika?

Kuno ku Zambia munthu akafuna kukumbukila chisankho amayamba wakumbukila nyimbo. Funsani aliyense wa ku Matero, ku Chawama kapena ku Chimwemwe za 2011, adzakutchulilani "Donchi Kubeba" asanaganize n'komwe za chiwelengelo cha mavoti. Mukamufunsa za 2016 adzati "Dununa Reverse". Malonjezo a chipani timaiwala sabata isanathe, koma nyimbo imatsalila m'miyendo. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti nyimbo zathu za ndale ziyenela kuwelengedwa mofatsa monga timawelengela buku, ndi kufunsidwa mafunso ovuta. Ndazimvela kwa zaka zambili, zotamanda ndi zonyoza zomwe, ndipo dandaulo langa ndi limodzi. Oimba athu ndi akatswili potchula munthu, koma ndalama zikangoyamba kuyenda amazileka zipite zokha. Wakuba timamuimba bwino. Njila imene ndalama inadzela pochoka m'thumba mwathu sitiiimba.

Chodabwitsa n'chakuti anthu amene amavina nyimbozi sakamba ndale mwa njila imeneyo. Kwelani minibasi iliyonse yochoka pa Kulima Tower madzulo, mutchele khutu. Amai a kumbuyo akuuzani mtengo wa thumba la unga la makilo 25 lelo ndi mtengo wake chaka chatha. Kondakita akuuzani kuti ERB ikangolengeza mtengo wa mafuta, ndalama yokapeleka kwa mwini basi imamutsalila zingati. Mnyamata wometa tsitsi akuwelengelani maola amene malaiti anapita mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ndi mitu ingati imene inabwelela osametedwa. Wa pa kantemba amadziwa kuti anthu akasiya kugula thumba n'kuyamba kugula pamela, ndiye kuti mwezi wavuta. Maganizo a mu komboni pa za boma amabwela ndi masamu. Nyimbo ikawatenga maganizo amenewa, imatenga mkwiyo, masamu n'kuwasiya pa mpando wa basi.

Sizinali choncho nthawi zonse. Nyimbo ya "Common Man", imene tonse tinaidziwila m'mawu a P.K. Chishala, woimba kalindula wosaona uja amene anatisiya mu 1995, imaimilila pa thumba la munthu wamba: malipilo ochepa, mitengo yokwela, mwezi wautali. Mphamvu yake ili pakuti mutha kuchotsa boma limene linalipo n'kuikapo lina, nyimboyo n'kukhalabe yoona. N'chifukwa chake mpaka lelo ikalila mu bala, nkhalamba ndi mnyamata wobadwa mu 2003 amagwedeza mutu pamodzi. Mbadwo wa ba Chishala unkadziwa kuti mtengo wa unga ndi nkhani ya ndale. Unaona zipolowe za unga ku Copperbelt mu December 1986 ndi za mu Lusaka mu June 1990, ndipo unaona ulamulilo wa ba Kenneth Kaunda wa zaka 27 ukutha mu 1991. Nsima inagwedeza mpando umene ambili ankayesa kuti sungagwedezeke.

Tibwele ku "Donchi Kubeba" ya malemu Dandy Krazy. Ndiyambe ndi kuiyamikila, pakuti ndi nyimbo yanzelu. Inapatsa munthu wosauka chida chimene anali nacho kale koma osachidziwa bwino, ndicho chinsinsi cha voti. Uthenga wake unali wakuti akakubweletsela chitenge, shuga kapena ndalama ulandile, koma usawauze amene udzamuvotele. M'mawu awili chabe, osakaniza Chizungu chopindika ndi Chibemba, inaseka olemela amene amaganiza kuti munthu amagulidwa ndi paketi ya shuga. Mu September 2011 ba Michael Sata anapambana, ndipo palibe amene angakane kuti nyimboyo inakankhako.

Koma pali mafunso awili amene nyimboyo inawalumpha. Loyamba: chitenge ndi shuga zija zinagulidwa ndi ndalama ya ndani? Kuuza munthu kuti alandile mwakachetechete n'kwabwino tsiku la voti, koma kumamuzoloweza kuona mphatso ya wandale monga mwayi, osafunsa ngati si ndalama yake yomwe imene yabwelela itavala chitenge. Lachiwili: chipani chimene nyimboyo inkakweza chinalonjeza misonkho yochepa, nchito zambili ndi ndalama zambili m'thumba, zina m'masiku 90. Boma likachepetsa msonkho n'kuonjezela zomanga, kusiyana kwake kumachokela kwina. Mu 2012 dziko linakongola madola 750 miliyoni pa Eurobond yoyamba. Mu 2014 linakongola madola 1 biliyoni, mu 2015 madola 1.25 biliyoni. Misewu inamangidwadi, tonse tinaiona ndipo timayendapo. Koma dziko limene linakhululukidwa nkhongole zambili mu 2005 linali litabwelelanso kwa wa kaloba, ife tili mkati movina.

Za "Dununa Reverse" ya JK ndi anzake ndilibe zambili zonena, ndipo chimenecho ndicho chiweluzo changa. Ng'oma yake inali yokoma moti ngakhale amene sankafuna kuona nkhope ya chipanicho ankapezeka akuivina pa ukwati. Monga nyimbo yovina inakhoza. Monga nyimbo ya ndale inangotiuza amene ali patsogolo ndi amene atsalila, monga ochemelela mpila. "Donchi Kubeba" inapatsa womvela chochita. Iyi inangomupatsa mbali yoimilila.

Anthu ambili akamva dandaulo langa amandiyankha ndi dzina limodzi: Pilato. Ndipo n'zoona kuti pa oimba a mbadwo wathu, ba Chama Fumba analipila mtengo waukulu. Mu June 2015 anamangidwa chifukwa cha "A Lungu Anabwela", imene anaiumba pa nyimbo yakale ya Nashil Pichen Kazembe, "A Phiri Anabwera". Kusankha nyimbo imeneyo kunali luso. Aliyense amadziwa nkhani ya munthu uja amene anapita ku tauni n'kubwelela kumudzi ndi sutikesi yopanda kanthu, choncho womvela ankayamba kuseka asanamve n'komwe mawu atsopano. Mlanduwo boma linausiya patapita nthawi yochepa, nyimbo n'kutchuka kuposa kale.

Koma taonani zimene tinkakambilana nthawi imeneyo. Dziko lonse linali pa mkangano wa khalidwe la malemu ba Edgar Lungu, ngati amamwa kapena samwa, ngati mwana angakambe choncho kwa wamkulu. Mwezi wotsatila, mu July 2015, ndi pamene Eurobond yaikulu pa zonse zitatu inatengedwa. Nkhani ya botolo inadzaza mabala ndi ma Facebook. Nkhani ya madola 1.25 biliyoni, imene ana athu adzaimvabe m'thumba, inadutsa monga chilengezo cha maliro a munthu wosamudziwa. Mlandu wa zimenezi sindiuika pa woimba mmodzi. Ndikuonetsa chabe kumene luso lathu limakonda kuloza chala.

Kumapeto kwa 2017 kunabwela "Koswe Mumpoto", khoswe mumphika. Imeneyi ndi nyimbo yabwino kuposa yoyamba ija, chifukwa sinafunikile kutchula dzina. Aliyense amene anakulila m'nyumba ya chipinda chimodzi amadziwa phokoso la khoswe usiku, ndi mkwiyo wopeza kuti ndiwo zimene unasungila mawa zalowedwa. Makada anaimva bwino lomwe, anamuopseza, ndipo mu January 2018 anathawila ku South Africa. Pobwelela mu May chaka chomwecho anamangidwa pa bwalo la ndeke. Fanizo limene limathamangitsa munthu m'dziko lake ndiye kuti lalasa.

Komabe fanizo lililonse lili ndi pothela, ndipo nchito ya wopenda ndi kupeza pamenepo. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Iwo ankaganizila za mkhate, kuti ungasweke pomenya khoswe. Ife maso athu onse ali pa khoswe. Nyimboyo imatiphunzitsa kudana naye, ndipo n'koyenela, koma imatisiya tikuganiza kuti tikamuthamangitsa ndiye kuti nkhani yatha. Siitifunsa kuti mphikawo ndi wa ndani, anaikamo ndiwo ndani, chivundikilo chinapita kuti, ndipo ndani anapatsidwa nchito yolonda kukhichini. Mphika wosavundikila suvutika kupeza khoswe wina. Akhoza kubwela atavala malaya a mtundu wina, akuimba nyimbo ina, koma njila yolowela ndi yomweyo.

Wina anganene kuti ndikufuna zosatheka, kuti nyimbo si bajeti ndipo manambala savinika. Yankho langa lili m'mbili ya Pilato yemweyo. Mu 2017 boma linagula magalimoto ozimitsa moto 42 pa madola 42 miliyoni. Galimoto imodzi, miliyoni imodzi. Palibe amene anafunikila digili kuti amve nkhani imeneyi. Nambala ija inayenda m'makomboni monga kolasi, ana a sukulu anaiseka, anthu n'kuyamba kuwatcha mawilibala magalimotowo. Mu September chaka chimenecho, tsiku lowelenga bajeti, ba Laura Miti, ba Pilato ndi anzawo anakaima kunja kwa Nyumba ya Malamulo ndi zikwangwani, anamangidwa, ndipo khoti linawapeza opanda mlandu mu December 2018. Kwa ine imeneyo ndiyo ndakatulo yamphamvu koposa ya zaka zimenezo, ndipo inali nambala chabe yobwelezedwa kawili. Inagwila mtima chifukwa aliyense anatha kuigawa yekha m'mutu n'kufika pa yankho lake. Munthu ukamuuza kuti uje ndi wakuba, akhoza kukutsutsa chifukwa ujeyo ndi wa kwawo kapena wa chipani chake. Ukamupatsa masamu, amakangana ndi mutu wake.

Nambala ija inabwelanso mwa njila yowawa. Mu November 2020 Zambia inalephela kulipila chiongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa Eurobond, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulephela kubweza nkhongole m'nthawi ya Covid-19. Wolemba wakhama akanaika manambala awiliwo pafupi, ya magalimoto ndi ya chiongoladzanja, n'kungokhala chete. Mlandu suola, anatelo akulu, ndipo nkhongole nayo siiola. Kwacha ikagwa, mafuta amakwela, basi imakwela, feteleza amakwela, pamela n'kuchepa m'pepala. Ulendo wochoka pa siginecha ya nduna kufika pa mbale ya mwana wa ku Kanyama ndi nkhani yokwanila buku lathunthu. Ili ndi chiyambi chokoma, pakati podzaza malonjezo, ndi mapeto amene tonse tinawadya. Olemba athu ambili sanaigwilebe.

Ndiganiza kuti muzu wa vutoli ndi bodza limene ambili a ife timakhulupilila, lakuti msonkho ndi nkhani ya anthu a pa nchito za m'maofesi, amene amadulidwa PAYE pa malipilo. Mnyamata wogulitsa machaja mu Cairo Road adzakuuzani kuti iye salipila msonkho. Koma akagula sopo, nsapato kapena foni mu shopu, VAT ya 16 pelesenti ili momwemo. Akagula talktime kapena mabando, msonkho uli momwemo. Kuyambila mu January 2024, akatumizila amai ake ndalama pa foni, pali kamsonkho kamene boma limatengapo. Amai a pa msika amalipila khansolo kuti akhale pa tebulo lawo. Basi yopita ku Chipata imalipila pa mageti a msewu, ndipo ndalamayo ili mu tiketi yanu. Palibe wa mu komboni amene saponya kanthu mumphika uja. Munthu amene sadziwa kuti anaponyamo amaona chipatala monga mphatso ndi phungu monga bambo wachifundo, ndipo akapatsidwa kanthu amaomba m'manja. Amene adziwa amafunsa chenji. Nyimbo ndi ndakatulo zimene zingasandutse woomba m'manja kukhala wofunsa chenji n'zochepa kwambili pakati pathu.

Nkhani ya foni ndiyo imandidabwitsa koposa, pakuti foni ndiyo bwalo limene oimba ndi olemba a mbadwo uno amaimbilapo. Mu August 2018 boma linalengeza kuti lifuna kuika 30 ngwee pa tsiku pa mafoni oimba kudzela pa intaneti. Mu March 2021 kunabwela lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linapita ku khoti. Boma linasintha, ndipo mu December 2022 ba Hakainde Hichilema anasaina kuchotsa mlandu wonyoza pulezidenti, chinthu choyenela kuyamikila. Koma mu April 2025 anasainanso malamulo awili atsopano a za intaneti, amene ambili, kuphatikizapo bungwe la maloya la LAZ, anadandaula kuti apatsa boma mphamvu zochuluka zoyang'ana zimene anthu amatumizilana. Nthawi zonse chifukwa chopelekedwa chimafanana: chitetezo cha dziko ndi cha anthu. Mbali ina n'zoona. Tonse timadziwa wina amene anabeledwa ndi mauthenga aja akuti tumizani ndalama pa nambala iyi, ndipo mtsikana amene zithunzi zake zafalitsidwa afunika lamulo lomuteteza. Koma mawu akuti chitetezo ndi bulangeti lalikulu, limafunda mwana ndi mbala pamodzi. Atsamunda nawonso anali kukamba za bata pamene ankalemba Public Order Act mu 1955, ndipo maboma athu anailandila n'kuigwilitsa nchito pa otsutsa awo. Apa pali nkhani yokoma kwa wolemba, chifukwa ilibe khoswe mmodzi. Zipani ziwili zodana zinafika pa khomo limodzi.

Ndidziwa kuti kukamba n'kosavuta kwa ine amene ndili ndi cholembela chabe. Woimba ali ndi lendi yolipila. Nyimbo zimakopedwa ulele, mawailesi salipila zokwanila, ndipo nyengo ya kampeni ndiyo nthawi imene ndalama yeniyeni imaoneka. Mbuzi imadya pamene yamangilidwa. Amene wasankha kudzudzula amadziwa zimene zinachitikila mnzake. Sindipempha aliyense kuti akagone mu selo kuti ine ndisangalale. Koma taonani kuti njila imene ndikukambayi ndiyo yovuta kuimanga. Wonyoza munthu amapatsa apolisi chogwila. Wowelenga mokweza zimene zalembedwa mu lipoti la Auditor General, limene boma lomwe limasindikiza chaka chilichonse, amumanga pa mlandu wanji?

Pali chinanso chimene luso loloza nkhope limatichita. Nkhope ikachoka, luso limasowa chonena. Chipani chimene ambili ankachiimba chitagwa mu 2021, mawu ambili olimba anazilala. Mu 2023 ba Chama Fumba anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu woona za luso mu unduna wa achinyamata, masewela ndi luso. Ena anati wagulidwa, ena anati wapita kukakonza zinthu ali mkati. Ine mkangano umenewo sundikhudza kwambili, chifukwa ndi matenda omwe aja okonda kukamba za munthu. Funso langa ndi lakuti dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni linafika bwanji podalila pakamwa pamodzi. Nyimbo imene imatsata ndalama siipuma boma likasintha, pakuti msonkho supuma.

Ndipo nkhani zili pafupi kuposa kale. Mu 2022 ndalama ya CDF inakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela lililonse la phungu. Imeneyi si ndalama ya ku London kapena ku Beijing. Ili mu wadi yanu, ili ndi komiti, ili ndi maina a amene anapatsidwa makontilakiti, mabasale ndi ngongole za magulu. Kwina yagula madesiki ndi kumanga zipinda za sukulu, ndipo zimenezo ziyenela kuimbidwa, pakuti kutsata ndalama sikutanthauza kupeza wakuba nthawi zonse. Kwina ngalande imene inalonjezedwa ikali pa pepala, mvula ikagwa madzi ali m'nyumba. Zonse ziwili ndi nkhani. Wandakatulo wa ku Mtendere kapena ku Chipulukusu safunika kudikila chisankho kuti apeze cholemba.

Chitsanzo cha luso limene ndikufuna tili nacho kale m'nyumba zathu. Amai athu akakhala pa chilimba samakhulupilila nkhope ya munthu, ngakhale akhale wa mpingo umodzi. Pali kabuku. Aliyense amadziwa amene waponya, amene watenga, ndi tsiku limene wina adzalandile. Wosunga ndalama akayamba kukamba mokoma kwambili, amamuuza kuti atsegule kabuku. Palibe amene amaona funso limenelo monga chipongwe, chifukwa ndalama ndi ya onse. Dziko ndi chilimba chachikulu chimene tonse timaponyamo, ofuna ndi osafuna.

Choncho kwa inu amene mumalemba mavesi mu foni usiku malaiti atapita, ndi inu amene mumajambula nyimbo mu kachipinda kotchingidwa ndi matileyi a mazila, pempho langa ndi ili. Musaleke kuseka akuluakulu, pakuti kuseka ndi ufulu umene ena anaugonela mu selo. Koma vesi lachiwili lipatseni nambala imodzi yoona imene mwaifufuza nokha. Tiuzeni kuti inachoka m'thumba la ndani, inadzela pa desiki la ndani, inathela pati. Chisankho chikubwelachi chidzakhala ndi nyimbo yake monga mwa masiku onse, ndipo tidzaivina. Ine ndidzakhala ndikumvetsela ngati pali wina amene wafunsa za chivundikilo.